TIŴAONETSE ANA ATHU DZIKO LAWO

Mzinda wa Lilongwe udamangidwa pachidikha. Munthu akachoka ku Chinsapo napita ku Area 25, kapena akachoka ku Mgona napita ku Area 23, amayenda mtunda wautali osakwera phiri ngakhale limodzi. Chifukwa cha ichi alipo ana ambiri m'malokeshoni athu amene adabadwira mumzinda muno, nakula mpaka kufika Fomu 4, koma sadapondepo pamwamba pa phiri. Mayina a Dedza, Zomba ndi Mulanje amaŵadziŵira m'buku la kusukulu, kapena pakamwa pa anyamata oitanira mabasi padepoti. Mizinda ya kutsidya kwa nyanja amaiona tsiku ndi tsiku pa foni ndi pa kanema, koma dziko lawo lenileni n'lachilendo kwa iwo.

Makolo ambiri amayesa kuti ulendo wongokaona malo ndi wa azungu ndi anthu a magalimoto. N'zoona kuti ndalama ndi yovuta, ndipo palibe angatsutse kuti ufa, lendi ndi fizi ndizo ziyenera kuyamba. Komabe dziko lathu ndi laling'ono, ndipo zambiri zimene alendo amaolokera nyanja kudzaona zili pa mtunda wa tsiku limodzi kuchokera padepoti ya ku Old Town. Banja la ku Kawale kapena ku Biwi, likakonzekera bwino ndi kusankha nyengo yoyenera, likhoza kuona malo amodzi chaka chilichonse. Tiyamba ndi zapafupi, kenaka tipite kutali.

Yambani ndi mzinda wanu womwe

Lilongwe adasanduka likulu la dziko m'chaka cha 1975, pamene boma lidasamuka ku Zomba. Mwana wokhala mumzinda uno ayenera kuona ndi maso ake kumene dziko lake limalamuliridwa. Tsiku lina Loŵeruka kwerani naye minibasi yopita ku City Centre. Kumeneko mukamuonetse maofesi a boma a ku Capital Hill ndi Nyumba ya Malamulo imene idatsegulidwa mu 2010. Pafupi pomwepo pali chiliza cha Dr H. Kamuzu Banda, mtsogoleri woyamba wa dziko lino, amene adamwalira mu 1997. Ku Area 18 kuli nsanja yokumbukira asilikali amene adafa pa nkhondo zikuluzikulu ziŵiri za dziko lonse.

Pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, mudatsala nkhalango yachilengedwe. M'menemo muli Lilongwe Wildlife Centre, malo osamalira nyama zakuthengo zimene zidavulala kapena zidalandidwa kwa anthu ozigulitsa mozemba. Mwana amene amangodziŵa galu ndi nkhuku akhoza kuona apusi ndi agwape, ndiponso mitengo imene idali pano mzinda usanamangidwe. Ulendo wotere umatha tsiku limodzi, ndipo nsima yamadzulo mukadyera kunyumba.

Mapiri a pafupi: Nkhoma ndi Dedza

Phiri loyamba kwa mwana wa ku Lilongwe liyenera kukhala la Nkhoma, pakuti lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 okha. Mukatsata msewu wopita ku Dedza, mupatukire kumanzere pa Kamphata. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, a A.C. Murray ndi a T.C.B. Vlok, adayamba ntchito yawo ku Mvera mu 1889, ndipo mu 1896 mishoni ya Nkhoma idatsegulidwa m'dziko la Mfumu Mazengera. Masiku amenewo anthu ankakhala m'phirimo pothaŵa nkhondo za Angoni. Lero patsinde pake pali tchalitchi, sukulu, ndi chipatala chimene chidayamba mu 1915. Achinyamata a miyendo yolimba akhoza kukwera mmaŵa ndi kutsika dzuŵa lisanapendeke. Akafika pamwamba adzaona minda ndi midzi itayalana ngati mphasa, ndipo adzamvetsa chifukwa chake makolo akale ankayesa phiri linga lawo.

Dedza ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85. Tawuni imeneyi ndiyo yokwera koposa matawuni onse a m'Malaŵi, pakuti ili pa mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumeneko kumazizira kolasa m'mafupa, kotero musaiŵale majuzi a ana. Kufupi ndi tawuni kuli malo oumbirako mbale, makapu ndi miphika yadothi amene adayamba mu 1987, ndipo m'misika ya m'mbali mwa msewu, monga wa Lizulu, mbatata ya kacheŵere, kabichi ndi tomato zimagulidwa kwa alimi eni ake.

Chuma chachikulu cha Dedza chili m'mapanga a Chongoni. Pamiyala ya kumeneko pali zithunzi zojambulidwa kalekale, ndipo malo ake onse ndi okwana 127. Zithunzi zofiira zidajambulidwa ndi Akafula, anthu osaka nyama amene ankakhala m'dziko muno Acheŵa asanafike; zoyera zidajambulidwa ndi Acheŵa, ndipo zambiri n'zokhudza chinamwali ndi miyambo ina. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika Chongoni m'kaundula wa malo ofunika kusungidwira anthu a dziko lonse lapansi. Malo odziŵika kwambiri ndi Chentcherere, Mphunzi ndi Namzeze. Chenjezani ana kuti asakhudze zithunzizo kapena kulembapo mayina awo ndi makala, pakuti chimene chakhala zaka mazanamazana chikhoza kuonongeka tsiku limodzi.

Kumwera: Zomba, Blantyre ndi Mulanje

Ulendo wa kumwera umafuna masiku atatu kapena anayi, ndipo umapepuka ngati kumeneko kuli mbale wokupatsani pogona. Zomba ndiye adali likulu la dziko kuyambira 1891 mpaka 1975, ndipo aphungu adapitirizabe kukumana kumeneko kufikira 1994. Nyumba zakale za boma zikadalipo pakati pa mitengo ikuluikulu, ndiponso sukulu ya ukachenjede imene kale inkatchedwa Chancellor College, yomwe idasamukira kumeneko mu 1973. Kumbuyo kwa mzinda kwaima phiri la Zomba, lomwe nsonga yake ya Malumbe imafika mamita 2,087. Msewu wa phula umakwera mpaka ku Ku Chawe. Pamwambapo pali damu la Mulunguzi lomwe limamwetsa mzinda, mathithi a Williams, ndi dzenje lakuya lotchedwa Chingwe's Hole, limene akuluakulu amasimba nkhani zambiri zoopsa za ilo. Palinso malo aŵiri oimapo poona dziko: ena adatchedwa Queen's View pokumbukira ulendo wa mayi wa Mfumukazi ya ku Britain mu 1957, ndipo ena Emperor's View pokumbukira Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene idafikapo mu 1965. Kunja kukayera bwino, munthu amaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje chapatali.

Kuchoka ku Zomba kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 65. Mzinda uwu udayamba ngati mishoni ya mpingo wa Church of Scotland mu 1876, ndipo udatenga dzina la mudzi umene adabadwira David Livingstone. Ana akaone tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Mbusa David Clement Scott, amene adatsogolera ntchitoyo, sadaphunzirepo za zomangamanga, ndipo njerwa zake zidaumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo ndi anthu a m'dziko muno. Akaonenso nyumba ya Mandala ya mu 1882, imene idali ya kampani ya African Lakes. Dzinalo lidachokera ku mandala a m'maso amene John Moir, mmodzi wa oyang'anira kampaniyo, ankavala. Ku Chichiri kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale za dziko lino.

Mfumu ya mapiri onse ndi Mulanje. Nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo palibe ina yoiposa m'Malaŵi. Patsinde pake pazungulira minda ya tiyi yobiriŵira chaka chonse. M'phirimo ndimo mumamera mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene mwachilengedwe supezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidalembanso phirili m'kaundula uja. Banja la ana aang'ono lisavutike n'kukwera pamwamba. Kuchokera ku Likhubula, kumene Sinodi ya Blantyre ili ndi nyumba yofikira alendo, pali njira yofika ku mathithi a Dziŵe la Nkhalamba ndi kubwerako tsiku lomwelo. Amene afuna kukwera pamwamba atenge namulondola wodziŵa njira. Nkhungu ya kumeneko imagwa mwadzidzidzi, ndipo alendo ena amene adapita okha cha ku Sapitwa mu 2003 ndi mu 2009 adataya moyo. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Kumpoto: Livingstonia ndi Nyika

Wopita kumpoto amadutsa Kasungu, nakwera mapiri a Viphya kudzera ku Chikangawa, mpaka kufika ku Mzuzu, mzinda wamvula ndi wozizira. Kupitirira apo msewu umatsikira kunyanja pa Chiweta, ndipo pa Chitimba pamayambira msewu wa Gorodi, wa makona 20 okhota koopsa, wokwera ku Khondowe. Kumeneko Dr Robert Laws adakhazikitsa mishoni ya Livingstonia mu 1894, atayesa kaye ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Bandawe mu 1881, kumene malungo adapha anzake ambiri. Adasankha phiri pofuna mpweya wozizira ndi kuthaŵa udzudzu. Nyumba yake yamiyala, yotchedwa Stone House, ikadalipo, ndipo pafupi pali mathithi a Manchewe amene madzi ake amagwa mamita oposa 100. Ku Livingstonia komweko ndiko mipingo ya Blantyre ndi Livingstonia idagwirizana kupanga CCAP mu 1924, ndipo Nkhoma adaloŵamo mu 1926.

Kumadzulo kwa Livingstonia kuli Nyika, nkhalango yosungirako nyama yaikulu koposa zonse m'dziko muno, imene idakhazikitsidwa mu 1965. Kumeneko kuli zitunda za udzu wokhawokha zofika kumene maso alekeza, mbidzi ndi ntchefu zikudya poyera. Msewu wake wochokera ku Rumphi umafuna galimoto yolimba, kotero ulendo umenewu ndi woyenera gulu losonkherana, monga la achinyamata a mumpingo kapena kalasi ya kusukulu.

Nyengo ya miyambo

Anthu akatha kukolola, mitundu yosiyanasiyana imasonkhana kukumbukira mbiri yawo. M'malokeshoni a Lilongwe mumakhala anthu a mitundu yonse khomo ndi khomo, motero miyambo imeneyi ndi mwayi wakuti mwana adziŵe kumene agogo ake adachokera, ndiponso kumene adachokera mnzake wa nyumba yoyandikana.

M'mwezi wa Ogasiti Angoni a ku Mzimba amakumana patsinde pa phiri la Hora pa mwambo wa Umthetho, pamaso pa Inkosi ya Makosi M'mbelwa. Amuna amavina ingoma atavala zikopa, zishango ndi zibonga zili m'manja, ndipo amakumbukira ulendo wa makolo awo amene adaoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu Novembala 1835, tsiku limene kudachita kadamsana. Loŵeruka lomaliza la Ogasiti Acheŵa a ku Malaŵi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba. Mafumu amabwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, kupereka mphatso ndi kufotokoza za m'madera awo. Mwambowu udayambiranso mu 1984 utaleka kwa zaka zambiri. Wochokera ku Lilongwe amadzera ku Mchinji ndi ku Chipata, ndipo ayenera kukhala ndi pasipoti kapena chiphaso chodutsira pachipata, cha iye mwini ndi cha mwana aliyense.

Chakumayambiriro kwa Seputembala Angoni a kwa Maseko amachita Umhlangano ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu, pamene pali manda a Inkosi Gomani amene adaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Malowa ali pafupi ndi msewu waukulu wopita ku Blantyre, kotero munthu akhoza kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo. M'chilimwe momwemo Atumbuka amachita Gonapamuhanya ku Bolero m'boma la Rumphi, kukumbukira chiyambi cha ufumu wa Chikulamayembe. Mu Okutobala Alhomwe amakumana ku Chonde m'boma la Mulanje pa Mulhako wa Alhomwe, kumene amavina tchopa, gule amene UNESCO idamulemba m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu mu 2014.

Chilipo chikondwerero china chatsopano chimene chili pafupi ndi anthu a ku Area 25 ndi Mgona. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, kumene kale kudali ndende, kwakhala anthu othaŵa nkhondo kuyambira 1994, ambiri a iwo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu 2014 mmodzi wa iwo, mlakatuli wodziŵika ndi dzina lakuti Menes La Plume, adayambitsa chikondwerero cha Tumaini, cha nyimbo, magule ndi ndakatulo, chimene chakhala chikuchitika chakumayambiriro kwa Novembala popanda kulipira pakhomo. Mwana amene wadya chakudya chophikidwa ndi mayi wa ku Congo, namva nyimbo za ana a ku Burundi, sadzafulumira kunyoza mlendo.

Mkhristu pa mwambo

Tisabise kuti pa miyambo ina pamachitika zinthu zimene makolo achikhristu ayenera kuziganizira asananyamuke. Pena pamakhala moŵa wambiri, pena nsembe za kwa mizimu, ndipo ku Kulamba kumatuluka gule wamkulu, amene mpingo wathu sudayende naye njira imodzi chiyambire. Chotero ndi bwino kuti ana asapite okha. Pitani nawo, mufike mmaŵa ndi kuchoka kusanade, ndipo ngati mtima ukukayika funsani uphungu kwa abusa kapena akulu a mpingo. Muŵafotokozere ana chimene akuona, chimene ife timavomereza ndi chimene sitichita nawo, ndi chifukwa chake. Koma muŵaphunzitsenso ulemu: kupereka moni kwa akuluakulu, kuvala modzilemekeza, kusaseka mavalidwe a eni mwambo, ndi kupempha chilolezo asanajambule munthu. Akale adati ukayenda siya phazi, usasiye mlomo.

Kukonzekera ulendo

Nyengo yabwino yokwera mapiri ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. M'dzinja njira zimaterera ndipo mitsinje imadzaza mosayembekezeka. Anthu a ku Zomba amakumbukira napolo wa mu 1946, a ku Phalombe wa mu 1991, ndipo tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy amene adagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023. Mwamwayi tchuthi chachikulu cha sukulu chimagwera cha mu Ogasiti, nthaŵi imene kunja n'kouma ndipo miyambo yambiri ili mkati.

Za ndalama, pang'onopang'ono ndi mtolo. Banja likhoza kupatula kangachepe mwezi uliwonse, kapena kusunga ku banki m'khonde, nkudziŵitsa ana cholinga chake kuti nawonso aponyemo zimene apeza. Mabanja atatu kapena anayi akapangana kubwereka minibasi imodzi, mtengo wa munthu mmodzi umatsika. Kamba wa paulendo akonzedwe kunyumba: mbatata yophika, mtedza wokazinga, zitumbuwa, thobwa ndi madzi akumwa. Nyamukani mbandakucha kuti mukafike kukadali koyera, ndipo musalole kukwera galimoto yodzaza mopyola muyeso chifukwa chofuna kufulumira. Ngati mukagona kwa abale, atumizireni uthenga nthaŵi ikadalipo, ndipo musapite chimanjamanja. Mwana aliyense atenge kope ndi pensulo kuti alembe mayina a mitsinje, mapiri ndi maboma amene wadutsa.

Chimene ana adzabwera nacho

Pa maulendo ameneŵa ana adzaona zokongola, koma adzaonanso zomvetsa chisoni. Adzaona phiri la Ndirande ku Blantyre lili mbee, lopanda mitengo. Adzamva kuti mkungudza wa ku Mulanje watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha ocheka matabwa mozemba ndi moto wolusa, ndi kuti anthu akuyesetsa kubzala wina. Adzaona zitsa ku Chikangawa pamene padali nkhalango ya paini. Zimenezi zisabisidwe kwa iwo, pakuti nafenso a mumzinda zikutikhudza. Makala ambiri amene amaloŵa mu Lilongwe panjinga mbandakucha amachokera ku nkhalango ya Dzalanyama, ndipo m'mapiri omwewo ndimo mumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, kumene kumachokera madzi a m'mipopi yathu. Mwana amene waona kasupe akutumphuka pansi pa mitengo adzamvetsa msanga chifukwa chake mpopi umauma mitengo ikatha.

Chotero makolo, khalani pansi ndi ana anu mwezi uno, musankhe malo amodzi ndi kuika tsiku. Inunso achinyamata, kambiranani m'magulu anu. M'malo mwa phwando lotsekera chaka, mwina mukhoza kukwera phiri la Nkhoma kapena kukaona mapanga a Chongoni. Kuongola mtengo m'poyamba. Ana amene tiŵaonetsa dziko lawo akadali aang'ono ndiwo adzalikonde ndi kulisamala ife titapita.